Imfa ya Steve Irwin ndi maliro amene analiza mayiko ambiri: mafunso ndi mayankho

Chaka chilichonse mwezi wa Sepitembala ukafika, zithunzi za mzungu wa tsitsi loyezuka, wovala kabudula ndi malaya a kaki, atagwira ng'ona kapena njoka, zimayambanso kuzungulira pa intaneti. Achinyamata ena amene amazitumiza anali asanabadwe pamene munthuyo ankamwalira. Nawa mafunso amene anthu amakonda kufunsa za imfa yake ndi za chisoni chimene chinagwa pambuyo pake.

Steve Irwin ameneyu anali ndani?

Anali wa ku Australia, wobadwa pa 22 Febuluwale 1962 kufupi ndi mzinda wa Melbourne. Mu 1970 makolo ake, a Bob ndi a Lyn Irwin, anasamukira kuchigawo cha Queensland n'kutsegula kamalo kosungirako njoka, abuluzi ndi ng'ona ku Beerwah. Steve anakulira pakati pa zokwawazo. Mphatso yake atakwanitsa zaka 6 inali nsato, ndipo ng'ona yake yoyamba anaigwira ali ndi zaka 9, bambo ake ataima pambali. Atakula anakhala zaka zingapo m'mitsinje ya kumpoto kwa Queensland, n'kumagwira ng'ona zimene zinkavutitsa anthu kuti azisamutse zisanawomberedwe.

Mu 1991 anatenga udindo woyendetsa malowo, amene lero amatchedwa Australia Zoo. Chaka chotsatira anakwatira Terri, mayi wa ku Oregon m'dziko la America. M'malo mokapuma kuhotela ngati akwati ena, iwo anapita kukagwira ng'ona, mnzawo John Stainton akujambula. Zimene anajambulazo ndi zimene zinakhala chiyambi cha pulogalamu ya The Crocodile Hunter, imene inayamba kuonetsedwa mu 1996 ndipo kanema ya Animal Planet inaifikitsa m'mayiko oposa 100.

Chinachitika n'chiyani tsiku limene anamwalira?

Linali Lolemba, pa 4 Sepitembala 2006. Steve ndi anzake anali pa boti lake lotchedwa Croc One, panyanja kufupi ndi tauni ya Port Douglas, pamalo otchedwa Batt Reef. Ankajambula pulogalamu ya zamoyo zoopsa za m'nyanja yotchedwa Ocean's Deadliest, koma nyengo inali itawasokoneza. Posafuna kungokhala, Steve anatengana ndi wojambula wake, Justin Lyons, n'kukwera kaboti kakang'ono kuti akapeze zithunzi zoti zikalowe mu pulogalamu ya ana imene mwana wake Bindi ankakonzekera.

M'madzi olekeza m'chifuwa anapeza nsomba yaikulu yaphanthiphanthi yotchedwa stingray. Malinga ndi zimene Lyons anafotokoza poyera mu 2014, iwo anali ataijambula kale ndipo ankangofuna chithunzi chomaliza, nsombayo ikusambira kuchoka. Steve anaidzera kumbuyo. Mwadzidzidzi inatembenuza mchira n'kuyamba kubaya mobwerezabwereza, ndipo mbola yake inalowa pachifuwa mpaka kuboola mtima. Anamukweza m'kaboti, anathamangira naye ku boti lalikulu, anayesetsa kumupumitsa ndi kumupopa pachifuwa kwa nthawi yaitali akulowera ku kachilumba ka Low Isles. Achipatala atafika anangotsimikiza kuti wapita. Anali ndi zaka 44.

Terri ndi ana anali kutali, ku Tasmania, pamene uthenga unkawapeza. Bindi anali ndi zaka 8, Robert anali asanakwanitse zaka 3.

Ndiye kuti stingray ndi nsomba yolusa?

Ayi. Imakonda kubisala mumchenga pansi pa nyanja, ndipo ikaona munthu imathawa. Mbola ya kumchira, yamanomano m'mbali komanso yaululu, ndi chida chodzitetezera. Anthu ambiri amene imawabaya amakhala kuti aiponda mosadziwa, bala limakhala kuphazi kapena kumwendo, amamva ululu woopsa koma amachira. Kufa nayo n'kosowa kwambiri. Lyons ankaganiza kuti mwina nsombayo inaona mthunzi wa Steve pamwamba pake n'kuyesa kuti ndi shaki imene imadya nsomba zamtunduwu.

Apa m'pamene panali chodabwitsa kwa anthu ambiri. Munthu amene ankadumphira pamsana pa ng'ona, wogwira njoka zaululu ndi manja, anthu ankayembekeza kuti tsiku lina adzamva zoti ng'ona yamudya. Palibe anaganizako za nsomba yofatsa, m'madzi osaya, pa tsiku limene ntchito yeniyeni inali itaima.

Uthenga utamveka anthu anatani?

Poyamba ambiri anakana, ankati ndi nthabwala. Masamba a nyuzipepala za ku Australia pa intaneti analephera kutseguka chifukwa cha kuchuluka kwa anthu ofuna kutsimikiza. Kumbukirani kuti nthawi imeneyo Facebook inali isanatsegulidwe kwa aliyense, YouTube inali ndi chaka chimodzi chokha, ndipo Twitter inali yakhanda. Munthu wofuna kupepesa ankayenera kunyamuka.

Ndipo ananyamukadi. Pachipata cha Australia Zoo panadzaza maluwa, makandulo, makalata, zidole za ng'ona ndi zithunzi zojambula ana asukulu ndi makrayoni. Chimene chinaonekera kwambiri ndi malaya a kaki. Anthu ankawapachika pampanda ndipo aliyense wofika ankalembapo mawu ake ndi cholembera, mpaka nsalu yonse kuda ndi zilembo. Ogwira ntchito pamalopo anapitiriza kudyetsa nyama ndi kulandira alendo misozi ili m'maso. Nduna yaikulu ya dzikolo, a John Howard, ananena kuti Australia yataya mwana wake wodabwitsa, ndipo nkhaniyo inakambidwa ndi m'nyumba ya malamulo momwe.

Patangotha masiku anayi, pa 8 Sepitembala, katswiri wa mpikisano wa magalimoto Peter Brock anafanso pangozi. Sabata imeneyo anthu a ku Australia anaiona kutalika.

Bwanji boma silinayendetse maliro ake, popeza anali wotchuka chonchi?

Boma linapempha. Mkulu wa boma la Queensland, a Peter Beattie, anauza banja kuti ali okonzeka kumuika ndi ulemu wonse wa boma. Bambo ake a Steve anathokoza koma anakana. Anati mwana wawo anali munthu wamba ndipo akanafuna kukumbukiridwa ngati munthu wamba. Pa 9 Sepitembala abale ndi abwenzi apamtima anachita mwambo wawo mwakachetechete, ndipo anamuika mkati mwa Australia Zoo, pamalo amene alendo safikapo mpaka lero.

Ine ndimaona kuti madalawo anachita bwino. Anthu mamiliyoni anataya munthu amene ankamuona pa kanema, koma amene anataya mwana, mwamuna ndi bambo anali anthu owerengeka, ndipo manda ndi awo. Tisaiwale kuti a Bob anali ataika kale akazi awo, a Lyn, amene anafa pangozi ya galimoto mu 2000.

Nanga mwambo uja unaonetsedwa pa kanema unali wa chiyani?

Unali wa chikumbutso, wokonzera anthu onse amene sakanaloledwa kumanda. Unachitika pa 20 Sepitembala 2006 m'bwalo la Crocoseum, momwe Steve ankachitira zionetsero za ng'ona, lokwana anthu oposa 5,000. Matikiti aulere anatha m'kanthawi kochepa, ena atagona pamzere usiku wonse. Amene anaonera pa kanema padziko lonse akuti anafika pa 300 miliyoni.

A Howard analankhula. Akatswiri a mafilimu monga Russell Crowe anatumiza mauthenga ojambulidwa. Wes Mannion, mnzake wapamtima wa Steve, mawu anamuthera pakhosi. A Bob anapempha anthu kuti asalire Steve, koma alire nyama zimene zataya bwenzi lawo lenileni.

Koma amene anthu amamukumbukira ndi Bindi. Anakwera yekha pansanja atavala kaki, pepala lili m'manja, n'kumawerenga akutsatira mzere uliwonse ndi chala monga amachitira mwana wa sitandade 2. Mawu sananjenjemere. Ananena kuti bambo ake anali ngwazi yake, kuti akaona ng'ona azidzawakumbukira, ndipo kuti akufuna kupitiriza ntchito yawo yothandiza nyama. Bwalo lonse linaimirira. Kumapeto, woimba John Williamson akuimba "True Blue", nyimbo imene malemuyo ankaikonda, antchito anapakira zipangizo zake zogwirira ng'ona m'galimoto yake n'kuitulutsa m'bwalomo komaliza. Pansi anayalapo maluwa achikasu olemba mawu amene iye ankakonda kufuula akadabwa, akuti "Crikey".

Koma zoona munthu angalire munthu amene sanakumanepo naye? Si kudzionetsera kumeneku?

Funso limeneli linafunsidwanso mu 1997 atamwalira Diana wa ku Britain, ndipo limabwera nthawi iliyonse woimba kapena wosewera mpira akatisiya. Akatswiri awiri a ku America, Donald Horton ndi Richard Wohl, analemba za nkhaniyi kale mu 1956, kanema atangoyamba kulowa m'nyumba za anthu. Iwo anaona kuti munthu amene amalankhula akuyang'ana mu kamera, woonera amamumva ngati akulankhula ndi iye, ndipo zikamachitika sabata ndi sabata pamamera chinansi. N'chinansi cha mbali imodzi, poti winayo sakudziwa n'komwe kuti uliko, koma mumtima mwa woonerayo n'chenicheni. Amene anakulira pa wailesi akudziwa mmene zimakhalira muulutsi amene unkadzuka ndi mawu ake m'mawa uliwonse akamwalira: pakhomo pamazizira ngati wachoka ndi wachibale.

Kwa Steve zinthu zingapo zinakumana. Choyamba, iye sankalankhula ngati mphunzitsi. Ankagwada m'matope, nkhope pafupi ndi kamera, maso ali tong'o, akunong'ona kuti taonani kukongola kwake, pamene chokongolacho ndi njoka yoti ikakuluma sufika kuchipatala. Ukamamuona sunkakayika kuti akunena zochokera pansi pa mtima. Anthu amene ankamudziwa amati kamera ikazima ankakhalabe yemweyo.

Chachiwiri, omuonera ambiri anali ana, ndipo ankaonera pamodzi ndi makolo awo. Kwa ana ambiri a nthawi imeneyo, imeneyi inali imfa yoyamba ya munthu amene ankamudziwa. Makolo ndi aphunzitsi anapezeka akufotokozera ana a zaka zisanu kuti kufa n'kutani. Anthu amene lero ali ndi zaka za m'ma 30 akamalemba za iye, amalira Steve, komanso amalira pabalaza paja, masana a Loweruka, ndi anthu amene ankakhala nawo pampando, ena a iwo kulibenso.

Chachitatu, banja lake lonse linali pa kanema. Oonera anaona chikondi chake ndi Terri, anamuona akunyamula Bindi ali wakhanda. Choncho atamwalira anthu sanafunikire kuuzidwa kuti wasiya mkazi ndi ana awiri. Ankawadziwa mayina ndi nkhope.

Kudzionetsera kunalipo, sikulephera pamaliro aakulu. Koma mwana amene anajambula ng'ona ikulira n'kukaisiya pachipata sankafuna kuonedwa ndi aliyense.

Ndi zoona kuti anthu ena anakabwezera nsombazo?

Zikuoneka choncho. M'masabata otsatira, nsomba za stingray pafupifupi khumi zinapezeka zitafa m'magombe a Queensland, zina zitadulidwa michira. Akuluakulu a bungwe loteteza nyama la Wildlife Warriors, limene Steve ndi Terri anayambitsa mu 2002, anadzudzula mwamphamvu n'kunena kuti kubwezera nyama ndi chinthu chomaliza chimene malemuyo akanafuna. Munthu amene analumidwapo kambirimbiri, nthawi zonse ankati wolakwa ndi iyeyo, nyama yangochita zimene nyama imachita. Wodula mchira wa nsomba m'dzina lake ndiye kuti ankaonera pulogalamuyo makutu atatseka.

Ena chisoni chawo anachipititsa kwina. Zopereka ku Wildlife Warriors zinachuluka kwambiri m'miyezi imeneyo.

Kodi aliyense ankamukonda?

Ayi ndithu, ndipo maliro asatichititse kuiwala zimenezi. Ku Australia komweko kunali anthu amene ankachita naye manyazi. Ankati akupangitsa dziko lonse kuganiza kuti munthu wa ku Australia ndi wofuula, wa kabudula, wolimbana ndi ng'ona. Kutchuka kwake kunayambira ku America, kwawo kunabwera pambuyo.

Panalinso madandaulo olemera kuposa amenewo. Akatswiri ena a zanyama ankati kugwira, kukoka mchira ndi kuputa nyama kuti ilusire kamera n'kuizunza, ndipo kumaphunzitsa ana kuti nyama yakutchire ndi choseweretsa. Pa 2 Januwale 2004 Steve analowa m'khola la ng'ona yaikulu atanyamula Robert, khanda la mwezi umodzi, kudzanja limodzi, kwinaku akuponyera ng'onayo nyama ya nkhuku. Anthu anakwiya kwambiri. Iye anaumirira kuti mwanayo sanali pangozi, sanaimbidwe mlandu, koma boma la Queensland linakhwimitsa malamulo n'kuletsa ana kulowa m'makola a ng'ona. Chaka chomwecho anafufuzidwa pa nkhani yoyandikira kwambiri anamgumi ndi nyama zina ku Antarctica, ndipo sanamupeze wolakwa.

Atangomwalira, mlembi wotchuka wa ku Australia, Germaine Greer, analemba mu nyuzipepala ya The Guardian kuti nyama zabwezera. Anatukwanidwa koopsa. Mu 2019, Google itamulemekeza pa tsiku lake lobadwa, bungwe lomenyera ufulu wa nyama la PETA linanenanso kuti anafa akuvutitsa nsomba, nalonso linalandira zakezake.

Mmene ndimaonera, Greer anali ndi mfundo ina yoona koma anaitula pa tsiku lolakwika, thupi lisanaikidwe n'komwe, ndiponso ndi mawu achipongwe. Kumbali ina, amene amafuna kuti Steve asadzudzulidwe mpaka kalekale akumulanda umunthu wake. Kulowa ndi khanda m'khola la ng'ona kunali kupusa. Munthu yemweyo ndi amene anagwiritsa ntchito ndalama za pa kanema kugula malo aakulu kuti nyama zikhale mwamtendere, n'kumanga chipatala cha nyama zakutchire chimene chinatsegulidwa mu 2004 pokumbukira mayi ake. David Attenborough, katswiri wa mapulogalamu a zachilengedwe wa ku Britain, amene kajambulidwe kake n'kosiyana kotheratu, kodekha ndi koonera patali, anamuyamikira kuti anali ndi mphatso yobadwa nayo yofikira anthu.

Kanema wa imfa yake ali kuti? Ndinaona wina pa intaneti.

Amene munaonayo ndi wabodza. Kamera inajambuladi, ndipo tepiyo inaperekedwa kwa apolisi ndi ofufuza za imfa ku Queensland. Kafukufuku atatha inabwezedwa kwa Terri, amene ananena kuti sanaionere ndipo inawonongedwa. Pulogalamu ya Ocean's Deadliest inamalizidwa ndi Philippe Cousteau Jr., amene ankajambula naye, n'kuonetsedwa mu Januwale 2007 popanda chithunzi chilichonse cha ngoziyo. Musamatumizire anzanu zinthu zoterezi. Ana ake ali moyo ndipo nawonso ali pa intaneti pomwepo.

Kwathu ng'ona imadya anthu. Tingamumvetse bwanji munthu woipsompsona?

Funso lachilungamo. Mayi wa ku Nsanje kapena ku Chikwawa amene mwana wake anagwidwa akutunga madzi mu Shire, kapena msodzi wa ku Kariba amene anasiya mwendo m'madzi, sangaone chokongola pa ng'ona. Steve ankalankhula ali m'dziko limene madzi amabwera pampopi m'nyumba, ndipo kumtsinje munthu amapitako mwakufuna kwake. Kumeneko ng'ona zinatsala pang'ono kutha chifukwa chosakidwa zikopa, mpaka Queensland inaziteteza ndi lamulo mu 1974. Iye anakula nthawi imene zinkafunika wozilankhulira.

Ankatsutsanso ulimi wa ng'ona ndi malonda a zikopa zake. Ku Zimbabwe, ku Zambia ndi ku Malawi ulimi umenewu ulipo ndipo umalemba anthu ntchito, ndipo akatswiri ambiri oteteza ng'ona, a ku Australia komweko, ankasiyana naye maganizo. Iwo amati anthu amasunga chinthu chimene akupindula nacho.

Komabe pali mbali ya ntchito yake imene wa m'mbali mwa Shire angaimve. Asanatchuke, ntchito yake inali yochotsa ng'ona pamalo amene anthu amasamba ndi kuwedza. Ndipo uthenga umene ankabwereza unali woti ng'ona ili ndi khalidwe lodziwika: imaloweza malo amene nyama kapena munthu amabwera tsiku ndi tsiku nthawi yofanana, imadikira m'mphepete, imalusa kwambiri nthawi yoikira mazira. Agogo a kudambo amadziwa zomwezo popanda kamera.

Banja lake ndi malo aja zili bwanji lero?

Terri sanakwatiwenso ndipo akadali mwini wake wa Australia Zoo. Bindi anapitiriza pulogalamu yake ya ana, anapambana mpikisano wovina wa Dancing with the Stars ku America mu 2015, anakwatiwa ndi Chandler Powell mu 2020, ndipo mu 2021 anabereka mwana wamkazi, Grace Warrior. Robert, khanda lija la m'khola la ng'ona, ndi wojambula zithunzi za nyama ndipo amadyetsa ng'ona m'bwalo lomwe lija la Crocoseum. Anthu akamuona atavala kaki, ndi kalankhulidwe kake, amayambanso kulira bambo ake, katundu wolemera kwa mnyamata amene anasiyidwa asanakwane zaka zitatu. Sikuti zonse zinayenda myaa: a Bob anachoka pamalopo mu 2008 atasemphana maganizo ndi oyendetsa, ndipo anakapitiriza ntchito yoteteza nyama paokha.

Msewu wodutsa pa Australia Zoo unasinthidwa dzina kukhala Steve Irwin Way. Mu 2007, ndi thandizo la boma, banjalo linapeza malo okwana mahekitala pafupifupi 135,000 ku Cape York, otchedwa Steve Irwin Wildlife Reserve, komwe akatswiri a University of Queensland amapita chaka ndi chaka kukagwira ng'ona, kuziyeza ndi kuziika tizipangizo tozilondolera. Bungwe loteteza zamoyo za m'nyanja la Sea Shepherd linatcha sitima yake ina dzina lake. Pali kamba wa m'madzi wotchedwa Elseya irwini, amene Steve ndi bambo ake anamupeza, komanso nkhono ina ya m'mitengo imene mu 2009 inapatsidwa dzina loti Crikey steveirwini. Mu 2018 anamuikira nyenyezi pa Hollywood Walk of Fame, msewu wa ku America wolemekezerapo anthu otchuka.

Tsiku lomukumbukira ndi liti?

Ndi pa 15 Novembala, lotchedwa Steve Irwin Day. Omutsatira amavala kaki ndipo amasonkha ndalama zothandizira Wildlife Warriors ndi chipatala cha nyama cha ku Beerwah.